Mlonda amene adakana kuweruka

Abale anga owerenga tsamba lino, makamaka inu anzanga amene imvi zatizinga m'mutu, lero ndati ndikambeko nkhani ya usiku. Sindikunena za afiti kapena za akuba ng'ombe ayi. Ndikunena za nthawi ija tambala woyamba asanalire, moto utazima, mudzi wonse uli zii, koma iwe maso ali gwa kudenga ngati pa phaso palembedwa kalata yako. Inu achinyamata mwina museka, pakuti mukangoika mutu pamphasa mumadzidzimuka dzuwa litatuluka. Sekani ndithu, ifenso tidaseka. Pajatu chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Ine ndidabadwa chaka cha 1954 m'mudzi wina wa kufupi ndi phiri la Domwe, konkuno ku Angonia. Kuyambira cha m'ma 2016 mpaka 2022 tulo tidandikana. Ndikadya nsima madzulo ndinkagona bwinobwino, koma ikamakwana 1 koloko usiku ndinkangoti vumbu, ngati wina wanditchula dzina. Tsono maganizo ankayamba kulowa ngati linthumbu. Loyamba linkabwera laling'ono: kodi anyamata aja atseka khola? Ilo lisanathe labwera lina: feteleza wa chaka chino tigula ndi chiyani? Kenaka mwana wanga wa ku Joni, kenaka malata akudontha, kenaka mlandu wa malire a munda umene udatha kalekale, mpaka ndinkafika powerenga anthu amene adzabwere pa maliro anga. Mtima uli phaphapha, thukuta lili kamukamu, chonsecho ndi mwezi wa Juni, kunja chisanu chikuyeretsa udzu.

Mayi a kunyumba kwanga ankatembenuka n'kunena kuti, “Bambo, mwatsegulanso bwalo la milandu? Kodi mfumu yake ya bwalo limeneli siona tulo?” Ine ndinkangoti ndamva galu akuuwa. Kunena zoona galu adalibe mlandu.

Kuti mumvetse kumene khalidweli lidachokera, tibwerere m'mbuyo pang'ono. Ambiri a inu mukukumbukira mmene nkhondo ya zaka 16 idatifikira kuno. Masana tinkakhala pamudzi, dzuwa likapendeka tinkatenga mphasa ndi ana n'kukagona kuthengo kapena m'mbali mwa madimba. Pa mbumba yathu mwamuna wamkulu ndidali ine, ndipo mutu ukakula sulewa nkhonya. Ena akagona ine ndinkamvetsera. Ndidaphunzira kusiyanitsa kuuwa kwa galu woona fisi ndi kwa galu woona munthu wachilendo. Ndidaphunzira kuti nkhwali ikauluka usiku ndiye kuti china chake chaiponda. Ndinkagona nsapato zili kuphazi, khutu limodzi lili m'mwamba. Ndipo musaganize kuti zidali zachabe: kawiri konse khutu limenelo lidatidzutsa nthawi yabwino, tidachoka pamalopo anthu a mfuti asanafike. M'mutu mwanga mudalowa mlonda, ndipo adali mlonda wabwino.

Chaka cha 1986, chija ndege ya a Samora Machel idagwa ku Mbuzini, tidalephera kupirira ndipo tidaolokera ku Dedza. Inu mukudziwa kuti malire athu kuno si nyanja kapena mpanda, ndi njira chabe, ndipo a kutsidyako ndi abale athu a chiyankhulo chimodzi. Anyakwawa a mudzi wina adatilozera malo, tidamanga zisakasa, pambuyo pake tidayamba kulandira ufa ndi nyemba za chithandizo. Anthu a dziko lino amene adathawira ku Malawi adapitirira 1 miliyoni. Pa 4 Okutobala 1992 a Joaquim Chissano ndi a Afonso Dhlakama adasaina pangano la mtendere ku Roma, ndipo ife tidabwerera kwathu mu 1993 mvula itatha.

Tidapeza nyumba zidagwa, munda udasanduka tchire, ng'ombe ngakhale imodzi panalibe. Poyenda tinkaponda pamene wina waponda kale poopa mabomba okwirira pansi. Zaka zimenezo ntchito idali yosaneneka: kuzula zitsa, kuumba njerwa, kusenza mbatatesi pamutu mpaka kumsika kuti tipeze yogulira mbuzi, mbuzi zibale tigule ng'ombe, ng'ombe zikoke ngolo. Madzulo ndinkagwa pamphasa ngati thumba la mchenga. Tulo tofa nato. Ndidakhulupirira kuti mlonda uja ndidamusiya kutsidya kwa malire pamodzi ndi chisakasa.

Koma iye adangobisala. Maondo atayamba kukana, ndidapereka munda waukulu kwa ana ndi adzukulu n'kutsala ndi kadimba. Ntchito itachepa m'manja idachuluka m'mutu. Amene mudaimapo pachigayo mukudziwa kulira kwake chimanga chikatha koma injini ikuzungulirabe: chimasokosa kuposa pamene chikugaya, ndipo chimayamba kudya zitsulo zake zomwe. Mutu wa nkhalamba uli chomwecho. Nkhondo idatha, mabomba adazulidwa mpaka dziko lathu lidalengeza mu 2015 kuti minda ya mabomba yodziwika yatha, koma mlonda wanga palibe adamuuza kuti aweruke. Posowa adani enieni adayamba kulondera feteleza ndi malata.

Ndidayesa njira zingapo, ndipo ndizitchule kuti wina asataye nazo nthawi. Yoyamba idali kachasu. Kachasu amakugwetsa msanga, zoona, koma pakati pa usiku amakutaya panjira uli ndi ludzu, mtima ukugunda ngati ng'oma, ndipo maganizo amene udawathawa umawapeza akukudikira atachulukana. Yachiwiri idali wailesi. Ndinkaitsegula usiku wonse, ndipo m'malo mondigoneka inkandisenzetsa mavuto a maiko amene sindidzawaponda. Yachitatu, imene idandipweteka koposa, idali foni.

Foniyo adanditumizira mwana wanga wachiwiri amene amagwira ntchito ku Johannesburg. Mwezi wa Seputembala 2019 tidamva kuti kumeneko kwabuka zipolowe zothamangitsa alendo. Kuyambira pamenepo ndikangodzuka usiku ndinkamuimbira. Akayankha ndinkati, “Uli moyo?” Iye ankati ali bwino, ine n'kudula. Mawa lake chimodzimodzi, ngakhale zipolowe zitatha. Tsiku lina adandiuza mwaulemu koma mawu akunjenjemera kuti, “Bambo, foni yanu ikalira usiku ndimadzuka ndikudziwa kuti amayi amwalira. Mwandiika maliro amenewa kakhumi tsopano. Ine m'mawa ndimakwera pamwamba pa nyumba za eni, ndidzagwa chifukwa cha tulo.” Ine m'malo momva ndidamukalipira kuti ndalama zamuchititsa mwano. Miyezi iwiri yathunthu sadayankhenso foni yanga, nkhani zake ndinkamvera kwa amake.

Si iye yekha amene adandithawa. Munthu wosagona amakhala ndi mkamwa mowawa. Adzukulu amene ankadzadza pakhonde panga kudzamva nthano adayamba kulambalala, ndipo tsiku lina ndidamva kamtsikana kena kakuchenjeza mnzake kuti, “Usadzere uko, agogo adzuka ndi nkhondo.” Mawu amenewo adandilasa, chifukwa kamwanako kadanena zoona kuposa mmene kankadziwira.

Mayi a kunyumba ndiwo adandikoka kupita nane kuchipatala ku Ulongwe. Namwino wina wachinyamata adandimanga kachingwe kaja pamkono n'kupeza kuti magazi anga akuthamanga kwambiri, ndipo adandipatsa mankhwala akumwa tsiku ndi tsiku. Adandifotokozeranso zinthu zimene ndikufuna nanunso muzimve. Adati tulo ta munthu wokalamba timapepuka, amagona msanga n'kudzuka msanga, ndipo amadzidzimuka kangapo usiku, kwa ife amuna kawirikawiri chifukwa cha mkodzo. Kumeneko pakokha si kudwala. Vuto limakula munthu akayamba kuopa kusagonako, n'kumalimbana ndi mphasa ngati akugwetsa ng'ombe. Adati tiyi ali ndi mphamvu yothamangitsa tulo imene imakhala m'thupi maola ambiri, choncho ndizimwa m'mawa basi. Adati ndichepetse mchere, ndisiye mowa wa madzulo, ndisagone nthawi yaitali masana, ndiziyenda padzuwa tsiku lililonse, ndipo tulo tikakana ndizidzuka n'kugwira kantchito kofatsa mpaka maso alemere.

Pomaliza adandiyang'ana n'kufunsa kuti, “Agogo, maganizo onsewo akatha, lomaliza kubwera limakhala liti?” Ine ndidati feteleza. Ndidanama.

Malangizo aja ndidawatsata ndipo adathandiza. Ndidakumbukira luso la malume anga loluka malichero, ndidadula nsungwi, ndipo usiku ndikadzuka ndinkayatsa kanyali ka sola n'kuyamba kuluka. Zala zikamawerenga nsungwi, iyi pamwamba, iyi pansi, mutu umasowa mpata wowerenga zina. Ndidaphunziranso kupuma pang'onopang'ono, kukoka mpweya mpaka mimba itukuke n'kuutulutsa mosafulumira ngati ukuuzira moto wa nkhuni zaziwisi, ndipo mtima unkatsika. Za khola, za feteleza ndi za malata zidayamba kuchepa. Koma linthumbu litachoka, chidaonekera chimene lidazinga. Pansi pa maganizo onsewo padali limodzi lokha, ndipo lichero silikadalichotsa.

Nkhaniyi ndaipempha kwa abale anga kuti ndiilembe, ndipo andilola. Titangofika ku Dedza mu 1986, chithandizo chisanayambe kutifika, njala idatipana. Anthu ambiri ankabwerera usiku kukatapa chimanga m'nkhokwe zawo. Inenso ndidapita, pamodzi ndi mng'ono wanga wa zaka 19, chitsiriza cha amayi. Tidafika bwino, tidadzadza matumba awiri, tidauyamba ulendo wobwerera. Titafika pamtsinje ndidakumbukira njinga yanga imene ndidaibisa m'nthochi kuseri kwa nyumba. Ndidamuuza kuti, “Thamanga ukaitenge, miyendo yako ndi yopepuka, tisenzetsepo matumbawa.” Iye sadatsutse, pakuti wanena ndi mkulu wake. Patapita kanthawi ndidamva mfuti kawiri cha kumudzi. Ndidakhala m'bango mpaka kum'mawa kudayamba kufiira. Sadabwere, ndipo ine sindidapite kukamuona. Ndidasenza thumba langa n'kuoloka.

Kwa amayi ndidanena kuti tidasiyana mumdima, sindidziwa kumene adalowera. Za njinga sindidatchule. Poti mtembo sudaoneke, maliro sitidalire, sitidamete, mowa wa bona sitidaphike. Ena ankati mwina adamugwira kuti azisenza katundu wa ankhondo, adzabwera. Amayi adamwalira ku Dedza komweko mu 1990 maso ali kunjira. Anthu atabwerera mu 1993 ndi 1994 tidafunsa paliponse, osamva kanthu. Tsono usiku uliwonse, milandu ing'onoing'ono ikatha, bwalo lija linkaitana mlandu umenewu. Wodandaula ndine, woimbidwa mlandu ndine, mfumu ndine ndemwe. Bwalo lotere silingagamule, limangoti mubwerenso mawa.

Mwezi wa Juni 2022 ndidapita kwa mlongo wanga, amene pa ana a amayi tatsala awiri. Ndidampeza pakhonde akutonola chimanga, ndidakhala pansi n'kuyamba kumuthandiza. Pakamwa padauma. Ndidakumbukira kuti mbewa ya manyazi idafera kuuna, ndipo ndidaona kuti kwa ine unawo suli patali. Ndidafotokoza zonse, maso ali pachitsononkho chimene chidali m'manja mwanga.

Iye adapitiriza kutonola mpaka ngala ija idatha. Kenaka adati, “Achimwene, zimenezo tidazidziwa. Mudachoka tsiku lija mukunena za njinga, mudabwerako osaitchulanso mpaka lero. Amayi adatiitana n'kutiuza kuti wina asakufunseni, chifukwa mwana mmodzi watayika kale, tisataye wachiwiri.”

Zaka 36 ndidasenza chinsinsi chimene pamudzi chidali chodziwika, ndipo anthu amene ndinkawabisira ndiwo ankandisunga. Ndidalira ngati mwana, nkhalamba ya zaka 68, nkhuku zikutola chimanga m'miyendo mwanga. Mlongo wanga adandisiya ndilire, ndipo nditatonthola adati, “Amene adaomba mfuti si inu. Mukadabwerera tikadalira awiri, ndipo thumba lija mudabwera nalo ndilo lidapulumutsa ana anga. Koma mlandu muli nawo umodzi: mwatimana maliro. Inu ndinu mwinimbumba, mukapanda kunena kuti mwana uja adafa, ndani anene?”

Apa m'pamene ndidazindikira kuti mlandu umene ndinkadziimba usiku udali wosatheka kulipira, pakuti madzi akatayika saoleka, koma umene adandiimba mlongo wanga udali wotheka. Mwezi wa Okutobala chaka chomwecho tidadziwitsa anyakwawa, tidatumiza uthenga kwa abale a mbali zonse ziwiri za malire. Amayi a pamudzi adaphika, a mpingo adapemphera, tidatchula dzina lake poyera kwa nthawi yoyamba, tidaika chizindikiro kumanda, tidalira, tidameta. Ndidaimirira pamaso pa anthu n'kunena mmene zidayendera. Nditakhala pansi mkulu wina wa msinkhu wanga adandigwira dzanja mwamphamvu osanena kanthu, ndipo patapita sabata adabwera kwathu ndi nkhani yake. Sindiilemba pano, ndi yake. Ndingoti m'midzi yathu ino alonda osaweruka ndi ambiri.

Mwana wanga wa ku Joni ndidamuimbira masana dzuwa lili pamutu. Ndidamupepesa, ndipo ndidamuuza chifukwa chimene mtima wanga sukhazikika mnyamata amene ndidamulola kupita akachedwa kubwera. Adakhala chete nthawi yaitali, kenaka adati, “Bambo, bwanji simudandiuze kale?” Tidapangana kuti aziimba yekha Lamulungu lililonse madzulo, ndipo mpaka lero sadaphonye.

Ndisakunamizeni kuti tsopano ndimagona ngati khanda. Ndimadzukabe, pakuti ukalamba suchira. Chasintha n'chakuti ndikadzuka sindichitanso mantha, ndipo mlonda uja sindilimbana naye. Ndidaona kuti kumukalipira kuti akhale chete kumangomuwonjezera ukali, monga galu womangidwa. Ndimamuyankhula mumtima ngati wantchito wakale amene adanditumikira bwino: “Zikomo, udatisunga. Kunja kuli mtendere, kumene ukumvako ndi njinga yamoto ya anyamata a mbatatesi. Weruka.”

Maganizo akabwera ndimawapeta monga achitira amayi ndi mphale, n'kuwaika milu itatu. Mulu woyamba ndi wa zimene manja anga angathe kuchita mawa, monga kukonza chitseko cha khola kapena kukapepesa munthu. Pa chilichonse cha zimenezi ndimaika chitsononkho chimodzi pakhomo kuti m'mawa ndichione, ndipo ndikatero mutu umavomera kuchitula, chifukwa wadziwa kuti sichiiwalika. Mulu wachiwiri ndi wa zimene zili ndi eni ake. Feteleza wa munda umene ndidapereka kale ndi nkhawa ya amene akulima, akafuna nzeru adzandifunsa. Kukalamba kumafuna kuti munthu apereke munda pamodzi ndi nkhawa zake, osati kupereka khasu n'kutsala ndi kudandaula. Mulu wachitatu ndi wa zimene palibe munthu angazisinthe: mvula, zaka zimene zandithera, tsiku la imfa yanga. Zimenezo ndimazisiya m'manja mwa Mulungu n'kutenga lichero langa.

Tsono kwa inu anzanga okalamba ndikuti, yambani ndi zapafupi. Kayezetseni magazi, siyani tiyi wa madzulo ndi kachasu wogonera, patsani manja anu kantchito. Koma zimenezi zikachotsa zinyalala n'kutsala ganizo limodzi lokana kuchoka, musaliumirize kukhala chete, lifunseni chimene likufuna. Mwina ndi ngongole, mwina ndi mawu amene simudanene, mwina ndi maliro amene simudalire. Pezani munthu mmodzi wosunga pakamwa, mlongo, bwenzi, mkulu wa mpingo, mumuuze dzuwa likuwala, chifukwa mlandu womwewo umene usiku umaoneka ngati phiri la Domwe, masana pamaso pa mnzako umakhala ndi malire ake. Mutu umodzi susenza denga. Ndipo ngati papita masabata chakudya chisakukoma, zimene munkakonda zisakukusangalatsani, kapena mwayamba kuganiza zodzichotsera moyo, musadikire ndipo musathamangire kunena kuti mwalodzedwa. Pitani kuchipatala msanga, amenewo ndi matenda ndipo ali ndi chithandizo.

Kwa inu ana ndi adzukulu amene mudabadwa mfuti zitaleka, mukaona agogo anu akuyendayenda pabwalo usiku, kapena akukalipa popanda chifukwa, musafulumire kuwatcha mfiti kapena kunena kuti mutu wazungulira. Mwina akulonderabe inu. Khalani nawo pansi, atengereni chimanga mutonole limodzi, ndipo musachite changu kudzadza mpata akakhala chete.

Dzulo ndidadzuka tambala asanalire monga mwa masiku onse. Ndidaluka mizere ingapo, ndidaika chitsononkho chimodzi pakhomo chondikumbutsa kutumiza kalata ino, n'kubwerera pamphasa. Adandidzutsa ndi mayi a kunyumba, dzuwa litafika kale pakhonde, akuti phala lazizira ndipo adzukulu atatu akudikira panja kuti ndiwaphunzitse kung'amba nsungwi.